Bwalo linadzaza, koma Lachitatu timakhala asanu: tichitenso crusade ina?

Funso: Ndine msungichuma pa mpingo wathu ku Chawama, komanso ndimathandiza pa nthambi ya chipani china m'dera lathu. Chaka chatha tinachita crusade ya masiku atatu pabwalo la mpira. Tinabwereka tenti, masipika ndi jenereta, tinaitana mlaliki wochokera kutali. Anthu analira, ambiri anabwera kutsogolo ndipo tinalemba maina awo. Lero mwa onsewo amene amabwera kutchalitchi sakwana khumi, pamene ngongole ya masipika inatitengera miyezi kuti tibweze. Kuchipani n'chimodzimodzi: pa rally fumbi linali koboo, koma tikaitana msonkhano wa nthambi Lachitatu timakhala asanu. Tsopano abusa akufuna crusade ina. Kodi anthu a masiku ano ndi achinyengo? Kapena misonkhano ikuluikulu ndi moto wa mapesi chabe, tingoileka? — Mayi wa ku Chawama

Amayi, zikomo chifukwa cholemba mosapsatira, makamaka potchula ngongole ya masipika. Ambiri akamasimba za chitsitsimutso amathera pa misozi ndi pa nyimbo. Msungichuma ndi amene amatsala ndi mapepala anthu onse atabalalika, choncho inu mwaona mbali imene ena saiona.

Za chinyengo ndikuyankheni msanga: ayi. Mayi amene analira pabwalo paja analiradi, ndipo mnyamata amene anakweza dzanja sankasewera. Zimene zimamuchitikira munthu pakati pa khamu n'zodziwika, ndipo katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku France, Émile Durkheim, anazifotokoza kale mu 1912. Anthu ochuluka akaimba nyimbo imodzi, kugwedezeka pamodzi, kuyankha mawu amodzi, aliyense amamva mphamvu imene sangaimve ali yekha. Sindikunena kuti Mzimu wa Mulungu sagwira ntchito pamalo otere. Ndimakhulupirira kuti amagwira. Ndikungoti mtima wa munthu umayankha khamu mwanjira imeneyi, kaya kutsogolo kuli mlaliki, kaya wandale, kaya Chipolopolo ikusewera ku Heroes Stadium. Taganizirani munthu wa kukomboni kuno amene sabata yonse wakhala akulimbana yekha ndi lendi, ndi mtengo wa unga, ndi mwana wodwala. Usiku umenewo akuimba ndi anthu zikwi, manyazi achoka, wina wamuuza kuti mavuto ake ali ndi polekezera. Ameneyo angalephere bwanji kulira?

Nkhani yagona pa mtengo wa zinthu ziwirizi. Kukweza dzanja sikumudyera munthu kanthu, ndipo pamene ena onse akupita kutsogolo, kutsala pampando ndiye kovuta. Kubwera Lachitatu madzulo kumafuna kutseka kantemba nthawi imene makasitomala akubwera kuntchito, kupeza womusiyira ana, mwina ndalama ya basi, kenaka kulowa m'chipinda cha anthu odziwana kale, okhala ndi mipando yawo ndi nkhani zawo. Mayi amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukapikula tomato kumsika wa Soweto pofika madzulo amakhala atatheratu. Pabwalo paja munafunsa kuti ndani akufuna moyo watsopano, ndipo onse anayankha zoona. Funso loti ndani angathe kubwera sabata ndi sabata, ndipo angathandizidwe bwanji kuti athe, palibe analifunsa.

Chinanso, kodi anthu aja anali ndani? Mukatenga maina munalemba aja n'kuwatsata mmodzimmodzi, kawirikawiri mupeza kuti ambiri ndi akhristu kale, amene Lamulungu anabwerera kwawo ku Katolika, ku Reformed Church (RCZ), ku United Church (UCZ) kapena ku mipingo ya Pentekoste. Alipo amene amayenda overnight iliyonse kuchokera ku Matero mpaka ku Mtendere, ndipo kulikonse amapita kutsogolo, chifukwa akudwala kapena mwana wawo wamaliza sukulu koma ntchito osaipeza. Amenewo anabwera kudzapemphereredwa, za kulowa mpingo wanu sizinali m'mutu mwawo. Ena amakokedwa ndi njala yeniyeni. Mu Malichi 2017 anthu 8 anafa popondana pa Olympic Youth Development Centre kuno ku Lusaka, pa msonkhano wa mapemphero umene unalonjeza kugawa chakudya. Ndikaikumbukira nkhani imeneyo mtima umandiwawa, chifukwa imaonetsa kuti khamu lalikulu nthawi zina limangotiuza kukula kwa umphawi. Yesu ankazidziwa izi. Pa Yohane 6 atadyetsa anthu 5,000 iwo anafuna kumulonga ufumu, iye n'kuthawira kuphiri. Mawa lake anawauza maso ndi maso kuti akumufuna chifukwa anadya mkate n'kukhuta, ndipo pofika kumapeto kwa mutuwo ambiri anali atabwerera. Sanawanyoze anjalawo, anawadyetsa ndithu. Koma sanawerenge chiwerengero chawo ngati mpingo wake.

Kundale mukudziwa bwino kuposa ine mmene bwalo limadzazidwira: mabasi otumizidwa m'makomboni, chitenje, tisheti, kandalama ka thiransipoti, oimba otchuka. Mu 2011 dziko lonse linaphunzira mawu aja akuti "don't kubeba", landirani zimene akukupatsani koma musawauze kumene voti yanu ikupita. Kuyambira pamenepo wandale aliyense wanzeru amadziwa kuti munthu wovala chitenje chako si voti yako.

Komabe sindikuuzani kuti muileke misonkhano ikuluikulu, ndipo mbiri ya mzinda uno ikuonetsa chifukwa chake. M'mawa wa pa 30 Juni 1990, Lieutenant Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Masiku ochepa m'mbuyo mwake kunali zipolowe chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa unga, ndipo anthu oposa 20 anafa. Atamva wailesiyo, anthu a mu Lusaka anakhamukira m'misewu kuvina ndi kuimba. Tsiku lisanathe zonse zinali zii, Kenneth Kaunda adakali pampando. Chisangalalo chimenecho chinagwira ntchito yake: boma linaona, ndipo anthu anaonana okhaokha, kuti mantha atha ndipo otopa ndi ambiri. Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya khamu, ndipo kagulu ka anthu asanu sikangaigwire. Koma panalibe woti auze khamulo chochita mawa lake. Amene anasandutsa mkwiyowo kukhala chisankho cha pa 31 Okutobala 1991 anali anthu okhala ndi mabuku a mamembala. Kunali mabungwe a anthu ogwira ntchito a ZCTU, amene Frederick Chiluba anawatsogolera kuyambira 1974, okhala ndi nthambi m'migodi, m'sukulu ndi kunjanji. Kunali maloya, amalonda, ophunzira a ku yunivesite ya UNZA. Kunalinso mipingo, imene inakhazika pansi Kaunda ndi otsutsa ku Cathedral of the Holy Cross zinthu zitavuta pa nkhani ya malamulo a dziko. Chipani cha MMD, chimene chinapambana chisankhocho, chinabadwira m'chipinda cha msonkhano ku Garden House Hotel mu Julayi 1990, anthu atakhala pamipando n'kugawana ntchito. Ndipo taonani: ngakhale misonkhano yake inkadzaza chotero, amene anakaponya voti mu 1991 sanakwane theka la olembetsa.

Mu 2006 aliyense woona misonkhano ya Michael Sata mu Lusaka ndi ku Copperbelt ankati basi zatha. Anapeza mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse, Levy Mwanawasa 43, chifukwa voti ya kumudzi kumene kulibe makamera imawerengedwa chimodzimodzi ndi ya ku Mandevu. Sata anayamba ndi 3 pa 100 mu 2001, analuzanso mu 2008 ndi mavoti pafupifupi 35,000, n'kudzapambana mu 2011. Hakainde Hichilema analuza kasanu kuyambira 2006. Kaya mumamukonda uyu kapena uyo, zipani zawo zinakhalabe zamoyo chifukwa m'zaka za pakati pa zisankho, pamene panalibe nyimbo kapena chitenje, panali anthu ngati inu amene ankakumanabe asanuasanu. Chisankho cha pa 12 Ogasiti 2021 ndiye chimaphunzitsa kwambiri. Electoral Commission of Zambia inaletsa misonkhano ikuluikulu chifukwa cha Covid-19, koma oponya voti anafika pa 70 pa 100 alionse, kuposa 56 a mu 2016, ndipo boma linasintha ndi kusiyana kwa mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Ntchito inali itagwiridwa kale kumapeto kwa 2020, pamene achinyamata anaima pamizere padzuwa kutenga chiphaso cha unzika (NRC) ndi kulembetsa m'kaundula watsopano, ndiponso pa usiku wa chisankho, pamene oimira zipani m'malo oponyera voti oposa 12,000 anakhala maso mpaka kuwerenga kutatha n'kusaina fomu ya zotsatira ya Gen 20. Kwa abale athu ku Malawi zionetsero za 2019 zinagwedeza dziko, koma chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chofafaniza chisankho cha pulezidenti, chinatsamira pa mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, amene anthu anasonkhanitsa ndi kuwerenga tsamba ndi tsamba kwa miyezi.

Mwatchula moto wa mapesi. Ndikuvomereza, koma mapesi omwewo ndiwo amayatsa nkhuni. Kulakwa kwa mipingo yambiri n'kuyatsa mapesi nkhuni isanatole.

Kumbali ya mpingo, nkhani imene ndimaifotokozera akulu ampingo nthawi zonse ndi ya alaliki awiri a ku England. George Whitefield ndiye anali mwini mawu: mu 1739 anayamba kulalikira panja kwa anthu okumba malasha ku Kingswood, pafupi ndi Bristol, ndipo anthu ankabwera zikwizikwi. Ndi iye anakokera John Wesley ku ulaliki wa panja. Wesley nayenso ankakopa makamu, koma anachita chinthu china chooneka chaching'ono. Mu 1742 anthu ake ku Bristol anali ndi ngongole ya nyumba yopemphereramo. (Inde amayi, zinayamba ndi ngongole.) Anagwirizana zogawana m'timagulu ta anthu pafupifupi 12, aliyense azipereka kobiri limodzi pa sabata, mtsogoleri wa kagulu azitolera. Poyenda khomo ndi khomo atsogoleriwo anayamba kuona zimene ulaliki sukanaona: uyu wabwerera kumowa, uyu akumenya mkazi wake, uyu wagona ndi njala, uyu akudwala. Posakhalitsa timaguluto tinayamba kukumana sabata iliyonse, aliyense n'kumafunsidwa za moyo wake, ndipo tikiti ya umembala inkaperekedwanso miyezi itatu iliyonse kwa okhawo amene akubweradi. Whitefield anakhudza mitima yosawerengeka, koma sanasiye dongosolo lotere. Pamene Wesley ankamwalira mu 1791 anasiya mamembala oposa 70,000 ku Britain kokha, aliyense wolembedwa dzina ndi womuyang'anira, ndipo mpingo umenewo unafika mpaka kuno, n'kukhala umodzi mwa imene inapanga United Church of Zambia mu 1965.

Baibulo lenileni silibisa za vuto lanuli. Pa Nehemiya 8 anthu onse anasonkhana pabwalo, Ezara anawerenga chilamulo kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo anthu analira. Imeneyo inali crusade yeniyeni. Koma werengani mutu 10 muone zimene anachita pambuyo pake: analemba pangano n'kusindikiza maina, anagwirizana ndalama imene aliyense azipereka pa chaka, mpaka anachita maere kuti banja liti lizibweretsa nkhuni za paguwa nthawi iti. Ngakhale zinatero, Nehemiya atachoka n'kubweranso, pa mutu 13 anapeza Alevi ndi oimba atathawira kuminda yawo chifukwa palibe ankawapatsa gawo lawo. Sanaitanitse msonkhano wina waukulu. Anadzudzula akuluakulu, anabwezera Alevi pa ntchito yawo, n'kusankha asungichuma odziwika kuti ndi okhulupirika kuti aziyang'anira nkhokwe ndi kugawira anzawo. Pa Machitidwe 2 anthu 3,000 anabatizidwa tsiku limodzi, koma vesi yotsatirayo ikukamba za chiphunzitso, chiyanjano ndi kudyera pamodzi, kenaka za kukumana m'nyumba. Pofika mutu 6 akukangana za kagawidwe ka chakudya cha amasiye, ndipo asankha anthu asanu ndi awiri oti aziyendetsa zimenezo. Ntchito yanu ya buku ndi cholembera ili pakati penipeni pa nkhani imeneyi, musaione ngati yotsalira.

Ife kuno tili nazo kale njira zimenezi, kungoti tinaleka kuzilemekeza chifukwa sizioneka bwino pa Facebook. Reformed Church in Zambia inayambira ku Magwero mu 1899 ndipo inakula ndi sukulu za m'midzi, kalasi ya ofuna ubatizo, akulu ampingo oyang'anira madera awo, ndi amayi a Chigwirizano okumana sabata ndi sabata. Maepiskopi a Katolika a m'chigawo chino cha Africa, pa misonkhano ya AMECEA ya 1973 ndi 1976, anagamula kuti moyo wa mpingo ukhazikike pa miphakati, imene ambiri mu Lusaka timangoti masekishoni. Phindu lake linaoneka m'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika pachimake, mankhwala a ARV asanayambe kupezeka mwaulere. Amene ankasambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kulera ana amasiye m'makomboni muno anali amayi a m'timagulu timeneti, ambiri osalipidwa kanthu. Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2018, komanso Covid-19 mu 2020, boma litachepetsa kusonkhana, mpingo umene unali ndi masekishoni unkadziwabe nyumba imene mulibe chakudya. Umene unkadalira siteji yokha unatsala ndi kamera. Pa 18 Okutobala 2015 dziko lonse linaitanidwa ku tsiku la mapemphero, anthu anadzaza ku Showgrounds, ndipo mwezi womwewo mwala wa maziko a National House of Prayer unaikidwa. Patapita zaka zisanu nyumbayo inali isanathe. Mapemphero a tsiku lija ndimawalemekeza, koma kumanga kumafuna wina woti azibwera Lolemba lililonse ndi buku la ndalama.

Tsopano ndinene chimene ndikuona kuti ndiye phata la nkhani yanu, ngakhale ena sachikonda. Pa msonkhano waukulu amalankhula ndi mmodzi, ena onse amayankha "Amen" kapena kukweza chizindikiro cha chipani. Pa msonkhano waung'ono membala ali ndi pakamwa. Angathe kufunsa kuti chopereka cha mwezi watha chinapita kuti, kuti ngalande ija munalonjeza ili pati, kuti bwanji pa maliro a uje sitinapite. N'chifukwa chake atsogoleri ambiri, a mpingo ndi a ndale omwe, mtima wawo umathamangira ku bwalo. Si onse amene ali ndi zolinga zoipa, ndipo abusa anu mwina akungofunitsitsa kuona miyoyo ikupulumuka. Koma bwalo lodzaza limasangalatsa woima kutsogolo, limapereka chithunzi chotumiza kwa othandiza ndi kwa akuluakulu a kulikulu, ndipo silifunsa mafunso. Kagulu ka Lachitatu kamatopetsa ndipo kamafunsa. Komanso ndi pokhapo pamene munthu amakhala ndi dzina, ndi ntchito yake, ndi wina womufunsa akajomba. Anthu amakhazikika pamene kusowa kwawo kumaoneka. Pabwalo la anthu 2,000 mukapanda kubwera palibe angadziwe. Pa kagulu ka anthu khumi, pamene inu ndi amene mumabwera ndi makiyi, madzulo omwewo wina agogoda pakhomo panu. Choncho tikamadandaula kuti anthu a masiku ano sadzipereka, tiyambe tafunsa ngati tinawapatsa malo oti adziperekepo.

Za crusade ikubwerayo, ine ndikanakhala inu sindikanaikana, koma ndikanapempha kuti tsiku lake lisatchulidwe mpaka zinthu zina zitakonzeka. Yambani ndi maina a chaka chatha aja. Pemphani miyezi itatu yoti muwayendere, awiriawiri, amayi kwa amayi, abambo kwa abambo. Musapite ndi mawu oti "bwanji simubwera". Pitani kukamva mmene akukhalira. Mupeza ena anasamuka, ena ali ndi mipingo yawo (amenewo alimbikitseni akhazikike kwawoko, musawakokere kwanu), ndipo ena anabwerapo kamodzi palibe anawalonjera. Zimene muphunzire pa maulendo amenewa zikuuzani zambiri kuposa zimene ine ndingalembe pano.

Kenaka werengani anthu a mumpingo amene angavomere kusamala atsopano, aliyense asanu kapena asanu ndi mmodzi, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ngati alipo khumi okha, ndiye kuti mpingo wanu ungalandire bwino anthu 50 kapena 60, ndipo kubwereka masipika omveka mpaka ku Kanyama n'kuitana anthu amene mukudziwa kale kuti simuwasamala. Walira mvula walira matope. Polemba maina musadalire nambala ya foni yokha, chifukwa manambala amasintha ndipo nyumba za kukomboni sizipezeka ndi nambala. Lembani kuti ali pafupi ndi mpopi uti, sukulu iti, kantemba ka ndani, ndipo amene akalembe akhale wa dera lomwelo, woti Lamulungu adzawadutsire n'kuyendera limodzi. Ulendo woyamba uchitike sabata yomweyo mtima udakali wofunda. Watsopano apatsidwe kantchito msanga, kaya kukonza mipando, kaya kwaya, kaya kuphika pamaliro. Mlendo amene amangolandiridwa mwaulemu miyezi itatu osapatsidwa chochita amadziwa kuti akadali mlendo. Nthawi yokumana ifunsidwe kwa ogulitsa pamsika ndi ogwira ntchito za ulonda, ndipo msonkhano uzitha pa nthawi imene mwanena.

Pa ndalama, inu ndi amene muli ndi mawu. Ngongole ikanidwe. Zimene zasonkhedwa zigawidwe pasadakhale, gawo lina lisakhudzidwe mpaka crusade itatha, likhale la talk time, la basi ya oyendera anthu, la Mabaibulo, ndi la thumba la odwala ndi maliro. Pemphaninso kuti kupambana kwa msonkhanowo kudzayezedwe patapita miyezi isanu ndi umodzi, powerenga amene ali m'masekishoni, osati usiku womaliza powerenga manja.

Kuchipani funso ndi lakuti: asanu inu mukakumana mumakamba chiyani? Ngati ndi kudikira kuti akuluakulu abwera liti ndipo abweretsa chiyani, anthu ali ndi chifukwa chabwino chosabwerera. Nthambi imakhala ndi moyo ikagwira nkhani imene anthu akuiona pakhomo pawo: ngalande zotsekeka mvula isanayambe, zinyalala zosatoledwa, mpopi wouma, achinyamata amene alibe NRC. Mu bajeti ya 2022 ndalama za boma za chitukuko cha m'madera (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu lililonse, ndipo mapempho a zitukuko, a mabasale ndi a magulu a amayi ndi achinyamata amadutsira ku Ward Development Committee. Komiti imeneyi si ya chipani, ndi ya anthu onse okhala m'wadi, choncho pitaniko ngati nzika. Dziwani amene alimo, masiku amene amakumana, nthawi imene mafomu amatuluka, ndipo funsani khansala wanu mndandanda wa zimene zinavomerezedwa. Anthu asanu amene athandiza ana atatu a m'dera kulemba bwino mafomu a basale sadzakhalanso asanu chaka chamawa. Chitsanzo cha mmene msonkhano waukulu ndi ntchito ya sabata ndi sabata zimathandizirana ndi Oasis Forum ya 2001: maloya a LAZ, mabungwe atatu aakulu a mipingo ndi bungwe la amayi la NGOCC anakumana kamodzi n'kugwirizana zokana kuti pulezidenti Chiluba aimenso kachitatu, kenaka anapatsa munthu wamba kanthu kochita mobwerezabwereza, kuvala kansalu kobiriwira ndi kuliza mahutala Lachisanu lililonse madzulo, pamene makalata ndi zokambirana zinkapitirira m'maparishi ndi m'matauni. Pofika Meyi chaka chomwecho Chiluba analengeza kuti saimanso kachitatu.

Ndikuchenjezeni pa ziwiri. Kukhazikika pakokha si chiyero. M'nthawi ya UNIP, chipani cha Kaunda, nthambi zinali zolimba kwambiri, koma zinafika poletsa mayi kulowa mumsika kapena kukwera basi ngati alibe khadi la chipani, ndipo m'maboma otsatira tinaona makada akulamulira misika ndi masiteshoni a mabasi, kutolera ndalama zosalowa m'buku lililonse. Kumpingo nakonso kagulu kangasanduke bwalo la miseche kapena malo ofinyira anthu zopereka. Mankhwala ake ndi omwe aja: maudindo azisinthana, ndalama zizisainidwa ndi anthu awiri, lipoti liziwerengedwa poyera. Ndipo okhulupirika asanu aja adziyang'ane, chifukwa nthawi zina amene atopa ndi kusenza okha ndi omwenso amakana kupatsira watsopano makiyi. Chachiwiri chikukhudza inu mwini, popeza muli uku ndi uku. Maina a anthu amene anabwera kutsogolo kudzapemphereredwa asapite kuchipani, ngakhale wina atakupemphani mwaulemu chotani pa nthawi ya kampeni. Anakupatsani mainawo pamaso pa Mulungu. Wofuna mpando akabwera ndi envulopu yothandizira crusade, ilembedwe m'buku ngati chopereka china chilichonse, ndipo isagule maikolofoni.

Nkhaniyi musaiyambire pa gulu la WhatsApp la mpingo, pamene abusa angaone ngati mukuwachititsa manyazi. Kaonaneni nawo poyamba muli ndi mkulu wampingo mmodzi amene amamukhulupirira, mutanyamula buku la ndalama za chaka chatha ndi mapepala a maina aja, ndipo muwauze kuti mukufuna crusade imene zipatso zake zidzaoneke m'kaundula wa mpingo. Kenaka ipite ku bwalo la akulu. Akaumirirabe kuchita monga kale, pemphani kuti malangizo anu alembedwe m'maminitsi, kanani ngongole yokha, ndipo tumikirani ndi mtima wonse. Koma m'sekishoni yanu musadikire chilolezo cha wina: tengani amayi awiri, gawanani maina a anthu okhala m'misewu yanu, muwayendere kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mukabweretse zotsatira zake ku bwalo lomwelo.